Kodi munthu wosadya nyama angamwe mkaka?

Amayi ophika pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano wa mpingo kuno ku Harare masiku ano amauzidwiratu kuti pakati pa alendo pali ena osadya nyama. Pa ndiwo zamasana sipavuta, poti nyemba zilipo, repu alipo, machanki a soya ali m'golosale iliyonse kuyambira ku Mbare mpaka ku Tafara. Pamavuta ndi pa tiyi. Mlendo wina wosadya nyama amalandira kapu ya tiyi wamkaka, n'kupemphanso yachiwiri. Mnzake, amenenso akuti sadya nyama, amaikankhira uko kapuyo, n'kufunsa ngati m'masikono munalowa mazira kapena majarini. Pamabweranso wina wokana ya ng'ombe ndi ya nkhuku, koma kapenta akumutsitsira nsima bwinobwino.

Chimasokoneza n'chakuti mafunso angapo amafunsidwa ngati limodzi. Pali funso la dzina, loti amene anayambitsa mawu akuti vegetarian ankaloleza chiyani. Pali funso la chifukwa chimene munthu wasiyira nyama, pakuti wosiya chifukwa cha chipembedzo, wosiya chifukwa chomvera chisoni ziweto ndi wosiya chifukwa cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi sangauone mkaka mofanana. Ndiye palinso la thupi: ukachotsa nyama, n'kuchotsanso mkaka, chikusowa n'chiyani?

Malire anaikidwa mu 1847, ena n'kuwasuntha mu 1944

Anthu okana nyama analipo kuyambira kalekale, koma bungwe limene linatchukitsa dzinali ndi Vegetarian Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1847 ku Ramsgate, ku England. Ambiri mwa oyambitsa ake anali a kampingo kena ka ku Salford kotchedwa Bible Christian Church, komwe kanayamba kuletsa nyama ndi mowa mu 1809. Anthu amenewa ankamwa mkaka, ankadya batala, tchizi ndi mazira. Malire awo anali pa kupha. Chimene chafika pa mbale chifukwa chamoyo china chafa ankachikana, chimene chiweto chapereka chili chamoyo ankachilandira.

Malire amenewa ndi omwe akugwirabe ntchito. Munthu wa vegetarian sadya nyama ya chiweto, ya m'tchire, ya mbalame, nsomba ngakhalenso tizilombo. Choncho kapenta, usipa, matemba, madora (mtundu wa mphalabungu), ngumbi ndi mbewa zonse zili kunja, ngakhale kwathu munthu atha kunena kuti "lero kulibe nyama" chikhalirecho mumphika muli matemba. Mkaka, mazira ndi uchi zili mkati. Womwa mkaka koma osadya mazira amatchedwa lacto-vegetarian, wodya mazira koma osamwa mkaka ovo-vegetarian, wolandira zonse ziwiri lacto-ovo. Pa funso la dzina lokha, yankho ndi losavuta: mkaka umaloledwa.

Koma m'bungwe lomwelo munali ena amene mtima sunkawakhala m'malo. Mu 1944 anapempha kuti magazini ya bungwelo iziwapatsa malo olembapo za kusiya mkaka ndi mazira, ndipo atawakaniza anayamba lawo. Mu November chaka chomwecho Donald Watson, mphunzitsi wa ukalipentala wa ku Leicester, ndi anzake ochepa anakhazikitsa Vegan Society. Munthu wa vegan sagwiritsa ntchito chilichonse chochokera ku chamoyo: mkaka, mazira, uchi, ndipo ambiri ngakhale nsapato zachikopa. Maganizowa sanayambe ndi Watson. Mlakatuli wakhungu wa ku Syria, al-Ma'arri, amene anamwalira mu 1057, ankakana kale mkaka ndi uchi ponena kuti mkaka ndi wa ana a chiwetocho ndipo uchi ndi thukuta la njuchi.

Ndiye wokankha kapu ya tiyi wamkaka nthawi zambiri amakhala wa vegan, ngakhale mwiniwake atangonena kuti sadya nyama pofuna kufupikitsa nkhani.

Ku India mkaka ndi mfumu, dzira ndilo mlendo

Dziko limene lili ndi anthu osadya nyama ochuluka kuposa lina lililonse ndi India, ndipo ndi dziko lomwelonso limene limakama mkaka wochuluka kuposa mayiko onse. Kwa Ahindu ambiri zinthu ziwirizi sizitsutsana. Chiphunzitso cha ahimsa chimaletsa kuvulaza chamoyo, ng'ombe imalemekezedwa ngati mayi woyamwitsa, ndipo mkaka, yogati ndi mafuta a batala otchedwa ghee zimalowa ngakhale pa mapemphero. Boma la India limalamula kuti chakudya cha m'paketi chizikhala ndi chizindikiro, chobiriwira pa chakudya cha osadya nyama, chofiirira pa chimene muli nyama. Mkaka umapatsidwa chobiriwira, dzira chofiirira. Amene anagwirapo ntchito m'nyumba kapena m'sitolo za mabanja achimwenye ku Belvedere ndi ku Ridgeview amazidziwa izi osawerenga buku: m'nyumba zina dzira sililowa m'khitchini, koma mkaka umawira pa mbaula tsiku lililonse.

Ngakhale kumeneko nkhani inavutapo. Mahatma Gandhi ali ku South Africa anamva za nkhanza zimene okama ena a ku Calcutta ankachitira ng'ombe ndi njati zoweta kuti zitulutse mkaka mpaka dontho lomaliza, ndipo mu 1912 analumbira kuti wasiya mkaka. Mu 1918 anadwala kamwazi mpaka kutheratu thupi, dokotala n'kumuuza kuti popanda mkaka mphamvu sizibwerera. Mkazi wake Kasturba ndiye anapeza potulukira pomukumbutsa kuti polumbira ankaganiza za ng'ombe ndi njati, osati mbuzi. Gandhi anayamba kumwa mkaka wa mbuzi ndipo anaumwa mpaka kumapeto a moyo wake, koma analemba poyera kuti mtima unkamutsutsabe poona kuti anasunga mawu a lumbiro koma osasunga cholinga chake. Otsutsa mkaka amatchula chisoni chakecho, ouikira kumbuyo amatchula kuchira kwake.

Mipingo imasiyana

Achewa ambiri a kuno anayamba kumva za kusadya nyama kudzera ku mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unafika ku Solusi pafupi ndi Bulawayo mu 1894, ndi ku Malamulo ku Thyolo mu 1902. Chiphunzitso cha mpingowu pa zaumoyo chinayamba mu 1863 ndi Ellen G. White, mmodzi wa oyambitsa mpingowu. Mpingo umaletsa nyama zimene Levitiko 11 amazitcha zodetsedwa, monga nkhumba, mlamba ndi mbewa. Kusiyiratu nyama umangolimbikitsa, si lamulo loti munthu achotsedwe nalo mumpingo, ndipo kadyedwe kamene wakhala ukulimbikitsa ndi kololeza mkaka ndi mazira. White analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti nthawi idzafika yosiya mkaka chifukwa cha kuchuluka kwa matenda a ziweto, koma anachenjezanso kuti anthu asafulumire kuuletsa, makamaka kwa osauka amene alibe cholowa m'malo mwake. Mkangano umene mumaumva pa misonkhano yamisasa umachokera pamenepo: ena amati nthawi ija yakwana, ena amati ikadali kutsogolo. Pa kafukufuku wamkulu wa Loma Linda University amene anayamba mu 2002, wokhudza Aadventi pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada, osadya nyama koma omwa mkaka ndi kudya mazira anali pafupifupi 3 mwa anthu 10 alionse, pamene osiyiratu zonse sanakwane 1 mwa 10.

Owerenga Baibulo mbali zonse ali ndi pogwira. Genesis 1:29 amapereka mbewu ndi zipatso monga chakudya cha munthu, Danieli ndi anzake anapempha zamasamba ndi madzi, koma Genesis 9:3 amaloleza nyama, ndipo dziko lamalonjezo limatamandidwa ndi mkaka ndi uchi.

Kwa Akatolika, pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti nyama imasalidwa koma nsomba, mazira ndi mkaka zimaloledwa, ngakhale zaka mazana apitawo mkaka ndi mazira nazo zinkasalidwa. A Orthodox a ku Ethiopia akusungabe kusala kwakaleko: Lachitatu, Lachisanu ndi masiku 55 Pasaka asanafike sakhudza nyama, mkaka, batala kapena dzira. Ma Rasta ambiri otsata kadyedwe ka Ital nawo amaupewa mkaka, ngakhale pakati pawo palibe lamulo limodzi lomanga onse.

Zimene zimachitika m'khola

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ife a m'tauni, ozolowera kuona mkaka uli m'paketi, timadziwa zochepa.

Ng'ombe situlutsa mkaka chifukwa chakuti ndi ng'ombe. Imatulutsa chifukwa yabereka. Imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, ikabereka imakamidwa miyezi ngati 10, kenako imapumitsidwa miyezi iwiri isanaberekenso. Kuti mkaka usaduke, mlimi amaikweretsa kapena kuibereketsa ndi umuna wa m'botolo patangopita miyezi iwiri kapena itatu chiberekere. Kutanthauza kuti ng'ombe ya mkaka imabereka pafupifupi chaka chilichonse, ndipo theka la ana ake amakhala amuna, amene sadzakamidwa.

Pa mafamu akuluakulu oweta mitundu ngati Holstein ndi Jersey, mwana amachotsedwa kwa mayi ake pa tsiku loyamba kapena patangopita masiku ochepa, n'kumamwetsedwa ndi ndowa. Alimi ali ndi zifukwa zawo. Amati akatero amaonetsetsa kuti mwanayo wamwa mkaka woyamba wachikasu uja wokwanira, amamuteteza ku matenda a m'khola la zikuluzikulu, komanso kulekanitsa msanga kumachepetsa kulira kusiyana ndi kudikira kuti zizolowerane. Otsutsa amayankha kuti chifukwa chachikulu ndi chakuti mkakawo ndi wogulitsa. Ana aamuna amaleredwa kuti adzakhale nyama, ndipo m'mayiko ena amaphedwa akadali aang'ono. Mayiyo, amene akanatha kukhala zaka 15 mpaka 20, nthawi zambiri amapita kokaphedwa ali ndi zaka 5 kapena 6, mkaka ukayamba kuchepa kapena akalephera kutenga bere.

Ovomereza mkaka amati kukama kuli ngati kuthyola mango, pamene kudya nyama ndi kudula mtengo womwewo. Wothyola sapha mtengo, chaka chamawa ubalanso. A vegan amati fanizolo n'lopunduka, chifukwa mango alibe mwana woyenera kuyamwa, ndipo m'munda umenewu mtengo umadulidwabe ukangochepetsa zipatso. Kwa iwo malonda a mkaka ndi malonda a nyama ndi amodzi, wogula mkaka akulipirira nawo kupha ngakhale mpeni sanaugwire. Enawo amayankha kuti pali kusiyana pakati pa kudya chophedwa ndi kudya chochokera kumene kupha kumachitikako, pakuti ngakhale munda wa chimanga umapha mbewa, mbalame ndi tizilombo, ndipo munthu akatsata chingwe chilichonse mpaka kumapeto sadzadya kanthu.

Mikangano yonseyi inakulira ku Ulaya ndi ku America, kumene mkaka umachokera ku mafamu akuluakulu. Nanga khola la kumudzi? Ng'ombe za makolo, monga Mashona, Tuli ndi Nkone kuno, kapena zebu wa ku Malawi, siziwetedwa chifukwa cha mkaka. Ndi chuma, ndi zolimira, ndi manyowa, ndi za malowolo. Zambiri sizitsitsa mkaka mwana wake palibe, ndiye wokama amayamba wamusiya mwanayo ayamwe pang'ono, n'kumukankhira pambali, n'kukama, kenako n'kumusiyira wotsala. Zimapereka malita ochepa patsiku, pamene Holstein wodyetsedwa bwino amapitirira malita 25. Mwana amakula ndi mayi ake, wamwamuna amafulidwa n'kukhala wapagoli zaka zambiri. Munthu wosiya nyama chifukwa cha chisoni atha kuona kuti mkaka wotere ulibe mlandu waukulu. Komabe tisakometsere mopitirira: m'chilimwe msipu ukauma, mwana wa ng'ombe ndi ana a mwini khola amalimbirana mkaka womwewo, ndipo ng'ombe yokalamba imathera pa maliro kapena kwa abutchala.

Vuto la wokhala ku Highfield kapena ku Mufakose n'lakuti sangadziwe khola limene mkaka wake wachokera. Makampani ngati Dairibord, amene anayamba ngati Dairy Marketing Board mu 1952, amasonkhanitsa mkaka wa alimi ambiri m'thanki imodzi. Palinso alimi ang'onoang'ono a m'madera ngati Marirangwe ndi Nharira amene amapereka mkaka wawo kumalo osonkhanitsira. Mkaka wokamidwa muno m'Zimbabwe unali pafupifupi malita 260 miliyoni pachaka cha m'ma 1990, n'kutsika osakwana 40 miliyoni pofika 2009, ndipo ngakhale wakhala ukukweranso, mpatawo wakhala ukutsekedwa ndi mkaka waufa ndi wa m'mabokosi wochokera kunja.

Mkaka ndi wololedwa, koma si zonse zochokera ku mkaka

Tchizi ndiye amakola anthu ambiri. Kuti mkaka uundane, opanga tchizi kuyambira kale amathiramo rennet, amene amatengedwa m'chifu cha mwana wa ng'ombe wophedwa akadayamwa. Tchizi wotere, malinga ndi malire a 1847 aja, si wa osadya nyama. Parmigiano Reggiano wa ku Italy, mwachitsanzo, malamulo ake amafuna rennet wa mwana wa ng'ombe. Kuyambira 1990 mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito wopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tchizi wa Amwenye wotchedwa paneer amaundanitsidwa ndi mandimu chabe. Yogati wina amalimbitsidwa ndi gelatine, wochokera ku zikopa ndi mafupa.

Kwa wopewa mkaka msampha uli mbali inayo. Ufa woyeretsa tiyi umene ambiri amati si mkaka nthawi zambiri umakhala ndi caseinate, yemwe ndi puloteni wa mumkaka. Majarini ambiri, mabisiketi ndi mahewu ena a m'sitolo namonso mumakhala mkaka. Chothandiza ndi kuwerenga timalemba ta kuseri kwa paketi.

"Agogo athu sankamwa mkaka"

Mawu amenewa amamveka kawirikawiri, ndipo ali ndi choonadi. Achewa anali anthu a khasu. Ng'ombe zinali zambiri kwa Angoni ndi kwa Ankhonde, ndipo m'madera ambiri kashembe sankalola kuti ziwetedwe. Mpaka lero Malawi ali m'gulu la mayiko omwa mkaka wochepa kwambiri mu Africa. Makolo amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ambiri anazolowerera kuno kudya nsima ndi mkaka wowawasa, umene anzathu Achishona amati mukaka wakakora, Andebele amasi, ife chambiko, ana a masiku ano Lacto. Kumudzi ndiwo zinali nkhwani wotendera, chigwada, khwanya, chitambe, luni, mfutso, nyemba, nandolo ndi nzama, nyama n'kumaoneka pa zochitika.

Chimene mawuwa amaiwala ndi tindiwo tating'ono. Agogo amenewo ankadya usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yomwe, ngumbi mvula ikagwa, mphalabungu, ziwala, mbewa akakolola. Sanali a vegetarian, ngakhalenso a vegan. Zimene anthu ena amapeza mumkaka iwo ankazipeza m'timenemu. Mdzukulu wa ku Mabvuku amene wasiya nyama, nsomba, tizilombo, mazira ndi mkaka womwe akuyenda njira imene agogo ake sanayendepo, ndipo ayenera kudziwa pali maenje.

Dzenje lalikulu ndi vitamini B12. Amapangidwa ndi mabakiteriya, ndipo munthu amamupeza m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Palibe masamba, nyemba kapena chipatso chimene chingadaliridwe pa vitamini ameneyu. Munthu wamkulu amafuna pafupifupi mamaikrogalamu 2.4 patsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka ya mamililita 250 imapereka pafupifupi theka. Choopsa chake n'chakuti chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, ndiye wosiya zonse amamva bwino chaka choyamba ndi chachiwiri, n'kumauza anzake kuti palibe vuto. Akatha wosungidwayo pamabwera kuchepa kwa magazi, kutopa, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala, ndipo mitsempha ikawonongeka kwambiri siibwereranso mwakale. Khanda loyamwa mayi wopanda B12 limakhudzidwa msanga kuposa mayiyo. Ngakhale Vegan Society yomwe imauza anthu ake kuti azimwa mapilitsi a B12 kapena kudya zakudya zimene anathiramo vitaminiyu. Okalamba ndi omwa metformin wa matenda a shuga ayenera kusamala kwambiri, poti matupi awo amavutika kale kumuyamwa. Dziko lino linalamula mu 2017 kuti ufa wa chimanga, wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira a m'mafakitale azithiridwa mavitamini ndi michere, koma ufa wa kuchigayo, umene mabanja ambiri amadalira akalandira thumba la chimanga kuchokera kumudzi, mulibe zimenezo.

Kashiamu wa mafupa ndi wosavutirapo. Kapu ya mkaka ili ndi mamiligalamu pafupifupi 300, pamene wamkulu amafuna pakati pa 700 ndi 1,000 patsiku malinga ndi dziko limene likulangiza. Repu, kovo ndi mpiru zili ndi kashiamu amene thupi limamuyamwa bwino. Sipinachi ndi bonongwe zili naye wambiri koma womangika ndi chinthu china cha m'masambamo chotchedwa oxalate, moti wolowa m'thupi ndi wochepa. Mawere, amene kuno amagulitsidwa ngati zviyo kapena rapoko, amaposa chimanga kutalitali pa kashiamu. Mapuloteni si nkhani yodetsa nkhawa kwa wodya nyemba, soya, mtedza ndi chiponde mokwanira. Ndipo mkaka nawo si mankhwala a zonse: ayironi ulibe wokwanira, moti wosiya nyama n'kumadalira tiyi wamkaka ndi buledi athabe kuchepa magazi.

Palinso ambiri amene amausiya mkaka osati chifukwa cha chikhulupiriro koma cha m'mimba. Mumkaka muli shuga wotchedwa lactose, amene amagayidwa ndi lactase wa m'matumbo. Pafupifupi khanda lililonse lili naye, koma mwa anthu akuluakulu pafupifupi 2 mwa 3 pa dziko lonse amachepa akamakula. Amene amakhala nayebe ndi zidzukulu za abusa a ng'ombe, monga a kumpoto kwa Ulaya, Amasai ndi Afulani. Mu 2007 Sarah Tishkoff ndi anzake anaonetsa kuti abusa a ku Kenya ndi Tanzania anapeza mphamvu imeneyi paokha, mwa kusintha kwa majini kosiyana ndi kwa azungu. Munthu wa mtundu wa alimi akamwa mkaka wosawawasa n'kumva m'mimba kubangula, kutupa kapena kutsekula, si matenda, ndi mmene anthu ambiri alili. Mu chambiko ndi yogati mabakiteriya amakhala atadyako kale gawo la shugayo, n'chifukwa chake wolephera kapu ya mkaka wa m'paketi amatha mbale ya nsima ya Lacto osadandaula. Izi n'zosiyana ndi thupi lodana ndi puloteni wa mumkaka, lomwe limatulutsa zidzolo kapena kubanika, ndipo limafuna dokotala.

Mkaka wa soya ndi anzake

Ku China anthu akhala akumwa madzi oyera a soya kwa zaka mazana ambiri. Dokotala wa mishoni ya Adventist, Harry Miller, anatsegula fakitale ya mkaka wa soya ku Shanghai mu 1936 pofuna kuthandiza ana osowa mkaka. Lero m'masitolo akuluakulu a ku Avondale ndi Borrowdale muli wa soya, wa oats, wa almond ndi wa mpunga, pa mtengo woposa wa ng'ombe. Wa soya yekha ndiye amayandikira wa ng'ombe pa mapuloteni, enawo ali ndi ochepa. Kashiamu ndi B12 zimakhalamo ngati fakitale yathiramo, ndipo wosinja ndi kusefa kunyumba sakhala nazo zokwanira. Dzina lomwe lili pa mkangano: malamulo a zakudya a mayiko ambiri otchedwa Codex Alimentarius a 1999 amati mkaka ndi wokamidwa ku bere la chiweto, ndipo mu 2017 khoti la European Union linaletsa kugulitsa wa soya ndi dzina la mkaka.

Khanda lisalowetsedwe m'mkanganowu. Mkaka wa m'mawere palibe gulu limene limautsutsa, a vegan omwe amaulimbikitsa, ndipo World Health Organization imalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 n'kupitiriza mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Zakumwa za soya, mpunga kapena almond za pa shelefu sizilowa m'malo mwa bere.

Osiya mkaka chifukwa cha kusintha kwa nyengo amatchula kafukufuku wa Joseph Poore ndi Thomas Nemecek wa 2018, amene anapeza kuti lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka pafupifupi katatu kuposa lita ya soya. Gawo lalikulu ndi methane amene ng'ombe imageya pobzikula.

Zimene sizinathe

Akatswiri a zakudya sanagwirizanebe za ana. Mu 2016 bungwe la Academy of Nutrition and Dietetics la ku America linati kadyedwe kopanda chilichonse cha nyama, kakakonzedwa bwino, n'koyenera pa msinkhu uliwonse. Chaka chomwecho bungwe la akatswiri a ku Germany linati silingakalimbikitse kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana, ndipo ngakhale linafewetsa mawu ake mu 2024, silinafike povomereza kotheratu. Mawu akuti "kakakonzedwa bwino" ndiwo ovuta. Akutanthauza mapilitsi, kuyezetsa magazi ndi zakudya zamitundumitundu, zimene banja lodalira ganyu ku Epworth silingazipeze mofanana ndi banja la ku Loma Linda. Ndipo kafukufuku wamkulu amene alangizi amadalira anachitika kwa anthu a ku America ndi ku Britain, osati kwa odya nsima kawiri patsiku.

Silinathenso funso la khola. Ngati cholakwika ndi nkhanza, ndiye mkaka wa ng'ombe yoyamwitsa mwana wake kumudzi ukhoza kukhala wovomerezeka pamene wa m'famu yaikulu ayi. Ngati cholakwika ndi kugwiritsa ntchito chamoyo mwa njira iliyonse, monga a vegan amanenera, ndiye ngolo, pulawo ndi manyowa nazo zili pa mlandu, ndipo mlimi wa ku Murehwa kapena ku Dedza angafunse kuti alime ndi chiyani. Magulu ena a Ahindu ayesa kuweta ng'ombe za mkaka osapha iliyonse, nkhunzi ndi zokalamba zomwe, koma mkaka wake umakwera mtengo kwambiri, ndipo sizikudziwika ngati njira yotere ingamwetse mzinda wonse.

Pa nyengo napo mbali ziwiri zikukokana. Ng'ombe ya kumudzi imadya msipu pamalo amene chimanga sichingabereke, koma poti imapereka mkaka wochepa, mpweya wake pa lita imodzi umaposa wa Holstein wa m'famu. Khola limene wachisoni angalikonde ndi lomwe wodera nkhawa nyengo angalikayikire.

Pomaliza pali funso la tizilombo, limene a ku Ramsgate analitseka msanga poti iwo sankadya ngumbi. Madora ndi ngumbi zili ndi mapuloteni ndi ayironi wambiri, sizifuna khola, ndipo mu 2013 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti dziko lonse liziganizire ngati chakudya cha mtsogolo. Malamulo a vegetarian amazikana n'kuloleza mkaka, ngakhale mkaka umakhudza ng'ombe ndi mwana wake, zimene palibe amene amakayika kuti zimamva kuwawa. Asayansi akadafufuzabe ngati tizilombo nato timamva kuwawa, ndi mlingo wake, ndipo kuti mudzaze mbale imodzi ya ngumbi pamafa zamoyo mazana.